Malasha Akamatha ku Mpumalanga: Ntchito Zatsopano Zidzabadwira Kuti?

Mayiko ambiri alonjeza kuti pofika chaka cha 2050 adzakhala atachepetsa mpweya wotenthetsa dziko mpaka pamlingo woti umene akutulutsa uzifanana ndi umene nkhalango, nthaka ndi makina zikuchotsa mumlengalenga. Mlingo umenewu akatswiri amautcha net zero. Lonjezoli likamalengezedwa, pafupifupi nthawi zonse limabwera ndi mawu otonthoza akuti ntchito zimene zidzabadwe pomanga minda ya sola, makina a mphepo ndi nthambo zatsopano zamagetsi zidzachuluka kuposa zimene zidzathe m'migodi ya malasha. Masamu amenewa akhoza kukhala olondola ndithu, koma amawerengera dziko lonse pamodzi, pomwe wantchito wa mumgodi amakhala m'tauni imodzi, mmene muli nyumba yake, sukulu ya ana ake ndi manda a makolo ake. Ntchito chikwi zikatha m'boma lina, ntchito zikwi ziwiri n'kubadwa m'boma lina lakutali, buku la dziko lonse lidzaonetsa phindu pamene boma loyambalo likulira maliro. Choncho kusiya malasha kuyenera kuyezedwa dera ndi dera, ndipo chimene chimapulumutsa kapena kupha dera si kuchuluka kwa ndalama zolonjezedwa kokha ayi, koma chimene chayamba kuchitika: kutseka zakale kapena kumanga zatsopano. Palibe malo mu Africa muno amene akuonetsa zimenezi poyera kuposa chigawo cha Mpumalanga ku South Africa.

Magetsi a ku South Africa pafupifupi 80 pa 100 aliwonse amachokera ku malasha, ndipo malasha ambiri a dzikolo amakumbidwa pachikweza cha Highveld, kum'mawa kwa Johannesburg. Kumeneko ndi kumene kuli masiteshoni ambiri amagetsi a kampani ya boma ya Eskom: Kendal, Matla, Kriel, Duvha, Arnot, Hendrina, Camden, Tutuka, Majuba, Kusile ndi ena. Ambiri anamangidwa pafupi ndi mgodi kuti malasha azingochoka pansi n'kulowa m'ng'anjo pa lamba wamakina. Migodi ya malasha yokha inalemba anthu pafupifupi 90,000, ndipo pamwamba pa amenewa pali ogwira ntchito m'masiteshoni, a kampani ya Sasol ku Secunda imene imasandutsa malasha kukhala petulo ndi dizilo, ndi a njanji yonyamula malasha kupita ku doko la Richards Bay. Poyerekeza ndi anthu onse apantchito m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni, chiwerengerochi n'chochepa. Vuto ndi loti chinaunjikana m'makhonsolo anayi okha: Emalahleni, Steve Tshwete, Govan Mbeki ndi Msukaligwa. Tauni ya Secunda inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha fakitale ya Sasol basi, ndipo midzi ngati Kriel ndi Komati inamera m'mphepete mwa mpanda wa siteshoni.

Dzuwa ndi mphepo zili kwina. Boma litayamba mu 2011 kugula magetsi a dzuwa ndi mphepo kwa makampani omwe si aboma, makampaniwo anapita kumene dzuwa limaomba kwambiri ndi kumene mphepo imawomba osapuma. Minda ikuluikulu ya sola inamangidwa ku Northern Cape, cha ku Upington, Kathu ndi De Aar, ndipo makina a mphepo anaimikidwa ku Eastern Cape ndi Western Cape, m'malo ngati Jeffreys Bay ndi Cookhouse. Kuchokera ku Emalahleni kukafika ku Upington pali mtunda woposa makilomita 800. Kampani imene ikufuna kupambana mpikisano wa mtengo wotsika singalakwitsidwe posankha malo amenewo, chifukwa panelo lomwelo limabala magetsi ambiri ku Upington kusiyana ndi ku Middelburg. Koma zotsatira zake n'zakuti kwa zaka khumi zoyambirira za pulogalamuyi, chigawo chimene chidzataye ntchito zambiri ndi chimodzi mwa zimene zinapeza zochepetsetsa. Si zodabwitsa kuti mu Malichi 2017 madalaivala a mathiraki a malasha anatseka misewu yolowera mumzinda wa Pretoria pokana magetsi atsopanowa, ndipo chaka chotsatira bungwe la anthu apantchito la NUMSA linapita kukhoti kuti liletse kusainidwa kwa mapangano 27 a makampani a dzuwa ndi mphepo. Anthu amenewa sankakana kuti nyengo ikusintha. Ankaona bwino lomwe kuti mapu a ntchito zakutha ndi mapu a ntchito zobadwa sakugwirizana.

Zimene zinachitika ku Komati

Siteshoni ya Komati, imene ili pakati pa Middelburg ndi Bethal, inayamba kupanga magetsi mu 1961 ndipo itamalizidwa inkatulutsa mamegawati 1,000. Inaimitsidwa cha m'ma 1990 magetsi atachuluka, n'kudzadzutsidwanso patapita zaka pafupifupi makumi awiri magetsi atayamba kusowa. Makina ake omaliza anazimitsidwa pa 31 Okutobala 2022, ndipo patangopita masiku ochepa Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 497 miliyoni, zambiri mwa izo ngongole, zoti malowo asinthidwe: pamangidwe mamegawati 150 a sola, 70 a mphepo ndi 150 a mabatire osunga magetsi, komanso pakhale sukulu yophunzitsa luso latsopano. Papepala, imeneyi inali ndondomeko yoti dziko lonse litengerepo chitsanzo. Koma taonani masiku ake. Ndalama zinavomerezedwa ng'anjo itazima kale, ndipo zaka ziwiri zitadutsa munda waukulu wa sola unali usanamangidwe. Komiti yolangiza pulezidenti pa za nyengo, imene inakhazikitsidwa mu 2020, itafufuza inapeza kuti anthu a m'deralo anafunsidwa maganizo mochedwa ndipo ntchito zolowa m'malo zinachedwa kuyamba. Nduna ya zamagetsi, Kgosientsho Ramokgopa, inanena poyera mu 2023 kuti zimene zinachitika ku Komati sizinali chilungamo.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi chakuti ndani anavulala. Antchito okhazikika a Eskom sanachotsedwe. Ena anasamutsidwira ku masiteshoni ena, ena anatsala kuyang'anira malowo. Anali ndi bungwe lowayankhulira, mgwirizano wolembedwa ndi penshoni. Amene anagwa pansi ndi amene mayina awo sanali m'kaundula wa kampaniyo: owotcherera zitsulo ndi otsuka ng'anjo olembedwa ndi makontilakitala kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, alonda, madalaivala a mathiraki, amayi ophika nsima ndi nyama pachipata nthawi ya nkhomaliro, eni nyumba amene anamanga tizipinda kuseri kwa nyumba zawo kuti azichititsa lendi anthu obwera kudzakonza makina, oyendetsa maminibasi, eni tigolosale. Siteshoni ikamakonzedwa makina, kumudziko kumadzaza alendo ambirimbiri, ndipo aliyense wa iwo amafuna pogona, chakudya, sopo ndi mayunitsi a foni. Utsi ukasiya kutuluka, tizipinda tija timakhala totseka ndi loko, ndipo mwini wake alibe ofesi imene angapite kukanena kuti nayenso wachotsedwa ntchito. Pamwamba pa onsewa pali khonsolo, imene imadalira misonkho ya malo ndi ndalama za madzi ndi magetsi zolipidwa ndi anthu olandira malipiro. Olipira akachepa, mapaipi ophulika sakonzedwa ndipo misewu imakumbika, ndiye kampani imene ikanafuna kudzatsegula fakitale imaona zimenezo n'kupita kwina. Apa ndi pamene dera limayamba kutsetsereka lokha, ngakhale popanda kutsekanso china.

Wina anganene kuti anthu atsatire ntchito kumene zapita, monga mmene makolo awo anachitira pobwera ku migodi. Yankho loyamba n'lakuti munthu wa zaka 48 amene nyumba yake ili ku Kriel sangaigulitse pa mtengo wabwino pamene aliyense akufuna kuchoka, ndipo nyumbayo ndiyo chuma chake chonse. Lachiwiri n'lakuti ntchito za sola ndi mphepo n'zosiyana ndi za mumgodi. Zimachuluka pa nthawi yomanga, chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako pamatsala anthu ochepa otsuka mapanelo, otchetcha udzu, alonda ndi amisiri owerengeka, pomwe mgodi umalemba anthu kwa zaka makumi atatu ndi malipiro oposa amene munthu wa maphunziro omwewo angapeze kwina kulikonse. Lachitatu n'lakuti kumene akupitako kulinso anthu ofuna ntchito. M'dziko limene anthu oposa 30 pa 100 aliwonse ofuna ntchito saipeza, achinyamata a ku De Aar sakudikira alendo ochokera ku Mpumalanga kuti adzawalande mwayi umene wabwera pakhomo pawo. Ndipo mbiri ya kummwera kwa Africa kuno imaphunzitsa kuti ntchito ya mumgodi ikatha, njala imafika kutali ndi mgodiwo. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu Banda linaimitsa ulendo wa ku Joni, ndipo bungwe lolemba antchito a m'migodi la Theba litasiyiratu kulemba Amalawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, midzi yambiri imene inkadalira ndalama za ku migodi ya golide inaona malata ndi njinga zikusiya kubwera. Malipiro a ku Emalahleni lero akudyetsa mabanja ku Eastern Cape, ku Lesotho ndi ku Mozambique, ndipo mabanja amenewo sawerengedwa pa ndondomeko iliyonse.

Bwanji osangopitiriza malasha?

Funso limeneli ndi lamphamvu ndipo siliyenera kunyozedwa. Mu 2023 magetsi ankazimitsidwa mosinthana ku South Africa kwa masiku oposa 300, ndipo kutseka siteshoni yogwira ntchito pa nthawi ngati imeneyo kumaoneka ngati misala. N'chifukwa chake Eskom inasankha kuti masiteshoni a Camden, Grootvlei ndi Hendrina apitirize mpaka 2030. Komanso Africa yonse yatulutsa kachigawo kakang'ono chabe ka mpweya umene watenthetsa dziko, pamene mayiko amene analemera ndi malasha ndi amene tsopano akulangiza anzawo kuti asiye. Zonsezi n'zoona. Koma kukana kusintha sikupulumutsa ntchito za ku Mpumalanga, chifukwa zinthu zitatu zikuzidya kale popanda chilolezo cha aliyense. Choyamba ndi ukalamba: masiteshoni ambiri anamangidwa pakati pa 1960 ndi 1990, ndipo makina opangidwa kuti agwire zaka makumi asanu sangakokedwe mpaka kalekale. Mabanki ambiri anasiya kubwereketsa ndalama zomangira atsopano, ndipo Medupi ndi Kusile, amene ndi omaliza kumangidwa, anachedwa ndi zaka zambiri n'kudya ndalama zoposa kwambiri zimene zinakonzedwa. Chachiwiri ndi msika: mayiko a European Union anakhazikitsa msonkho wa pamalire pa katundu ngati zitsulo, aluminiyamu, simenti ndi feteleza wopangidwa ndi mphamvu yautsi, kotero fakitale ya ku South Africa yodalira magetsi a malasha idzagulitsa movutikira. Chachitatu ndi thanzi: mu Malichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula, pa mlandu umene anabweretsa mabungwe a groundWork ndi Vukani, kuti mpweya woipa wa ku Highveld ukuphwanya ufulu umene malamulo aakulu a dzikolo amapereka wokhala m'malo osawononga thanzi. Ana a chifuwa cha mphumu ku Emalahleni ndi ana a antchito a mumgodi omwewo. Malasha adzachepa ndithu, ndipo chimene chatsala m'manja mwa atsogoleri ndi kusankha ngati adzachepe mokonzekera kapena modzidzimutsa.

Mayiko awiri a ku Ulaya anayenda njira ziwirizi, ndipo zotsatira zake zikuonekabe. Ku Britain, sitiraka ya antchito a m'migodi ya 1984 mpaka 1985 itagonja, migodi inatsekedwa motsatizana m'zaka zochepa, ndipo ntchito pafupifupi 200,000 zinatha. Mgodi wakuya womaliza, Kellingley, unatsekedwa mu 2015. Ofufuza a pa yunivesite ya Sheffield Hallam, amene atsatira madera amenewa kwa zaka zambiri, anapeza kuti amuna ambiri sanalembedwe ngati osowa ntchito koma analowa m'kaundula wa olandira thandizo la odwala, ndipo mpaka lero zigwa za ku South Wales ndi midzi ya ku Yorkshire ndi Durham zili ndi ntchito zochepa ndi matenda ambiri kuposa madera ena. Ku Germany, migodi ya malasha akuya inali ndi antchito pafupifupi 600,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo womaliza, Prosper-Haniel wa ku Bottrop, unatsekedwa mu Disembala 2018. Kutsikako kunatenga zaka makumi asanu ndi limodzi. Okalamba ankapuma msanga ndi penshoni, achinyamata ankaphunzitsidwa ntchito zina, ndipo chigawo cha Ruhr, chimene chinalibe yunivesite, chinapatsidwa ya ku Bochum imene inatsegulidwa mu 1965, migodi yambiri ikugwirabe ntchito. Dzikolo litagwirizana mu 2020 zosiyiratu magetsi a malasha pofika 2038, linaika pambali mayuro 40 biliyoni a madera okhudzidwa, ndipo malo aakulu okonzerako sitima zapamtunda ku Cottbus anatsegulidwa mu 2024, migodi ya ku Lusatia isanatsekedwe. Ruhr si paradaiso, chifukwa mizinda ngati Gelsenkirchen idakali m'gulu la yosauka kwambiri ku Germany. Koma phunziro lake ndi limene mlimi aliyense amalidziwa: sasasula denga la nyumba yakale asanafolere yatsopano.

Apa wotsutsa anganene kuti South Africa si Germany, ndipo sanama. Pamsonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021, mayiko a Britain, France, Germany, America ndi European Union analonjeza madola 8.5 biliyoni othandizira kusinthaku, pamene ndondomeko ya boma la South Africa inawerengera kuti pakufunika marandi 1.5 thiriliyoni m'zaka zisanu, ndalama zoposa zolonjezedwazo kakhumi. Zambiri mwa zolonjezedwazo zinali ngongole, ndipo mu 2025 America inatulukamo. Ngongole imapita kumene kuli phindu lobwezera, monga munda wa sola wogulitsa magetsi; siingalipire penshoni ya wantchito wa kontilakitala kapena kukonza mapaipi a khonsolo. Chotsutsachi chimalimbitsa mfundo yathu m'malo moigwetsa. Dziko lopanda ndalama zolipira anthu kuti akhale pakhomo liyenera kusamala kwambiri ndi chida chimene sichifuna ndalama zambiri, chimene ndi lamulo lonena kumene zinthu zatsopano zimangidwe ndi nthawi yake.

Chuma chimene chatsala m'dera la malasha

Mpumalanga ali ndi chinthu chimene madera a dzuwa ndi mphepo akusowa: nthambo zikuluzikulu zonyamula magetsi. Zambiri zinamangidwa kuchokera kumeneko kupita ku mizinda, ndipo siteshoni ikazima, malo pa nthambozo amatsala opanda ntchito. Ku Cape nthambo zinadzaza, moti pa mpikisano wa 2022 palibe kampani ya mphepo ngakhale imodzi imene inapatsidwa pangano chifukwa kunalibe polumikiza. Kumanga nthambo zatsopano kumatenga zaka zambiri, ndiye munda wa mphepo wobala pang'ono koma wolumikizidwa lero umaposa wobala zambiri umene udzalumikizidwe patapita zaka khumi. Kampani ya Seriti, imene imakumba malasha ogulitsa ku Eskom, inaziona zimenezi n'kuyamba kumanga makina a mphepo pafupi ndi Bethal ndi Morgenzon. Boma lingathe kupita patsogolo potengera chitsanzo cha Spain, kumene siteshoni ya malasha ya ku Andorra m'chigawo cha Teruel itatsekedwa, malo ake pa nthambo anaperekedwa mwa mpikisano umene unawerengera ntchito zimene kampani idzabweretse m'deralo ndi anthu a komweko amene idzawaphunzitse. Lamulo lotere silifuna thumba la boma. Limangosandutsa malo a pa nthambo kukhala chinthu chogulira ntchito.

Komabe magetsi okha sadzabweza ntchito 90,000, ndipo amene amalonjeza zimenezo akunamiza anthu. Dera lodalira chinthu chimodzi silichira podalira chinthu china chimodzi. Ntchito yoyandikira kwambiri luso la anthu a m'migodi ndi yokonza zimene migodi yawononga. Ku South Africa kuli migodi yosiyidwa pafupifupi 6,000 ya miyala yosiyanasiyana, ndipo madzi a asidi otuluka m'migodi ya malasha akuwononga mtsinje wa Olifants. Mu 2012 tauni ya Carolina inakhala miyezi ingapo yopanda madzi abwino damu lake litaipitsidwa. Kukwirira maenje, kubwezera dothi lapamwamba ndi kuyeretsa madzi kumafuna oyendetsa makatapila, amakanika ndi amisiri a mapampu omwe aja, ndipo lamulo limakakamiza kale eni migodi kusunga ndalama za ntchito imeneyi. Malo oyeretsera madzi a m'migodi amene anatsegulidwa ku Emalahleni mu 2007 akupereka madzi akumwa ku tauniyo, umboni woti zingatheke. Nthaka ya Highveld ndi imodzi mwa nthaka zachonde kwambiri m'dzikolo pa chimanga ndi soya, ndipo mafakitale opera ufa, oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku amalemba anthu chaka chonse. Zitsulo za mapolo a nthambo, nsanja za makina a mphepo ndi mabokosi a mabatire ziyenera kupangidwa penapake, ndipo Middelburg ali kale ndi mafakitale a zitsulo ndi amisiri odziwa kuwotcherera.

Nkhaniyi si ya South Africa yokha. Malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete amadutsa pa njanji ya m'Malawi popita ku doko la Nacala, ndipo kampani ya Vale itagulitsa mgodiwo ndi njanji yake mu 2022, zinaonekera kuti chiganizo chopangidwa kutsidya kwa nyanja chingagwedeze ntchito za ku Tete, ku Nkaya ndi ku Nayuchi. Matauni a Hwange ku Zimbabwe ndi Maamba ku Zambia nawonso amadya za malasha. Masiku awo otseka akhoza kukhala kutali, koma nthawi imeneyo ndiye chuma chenicheni, chifukwa sukulu ya zaluso, fakitale ndi munda wothirira zimatenga zaka kuti ziime pazokha. Tsiku lotseka siteshoni kapena mgodi likhoza kudziwika zaka khumi kapena kuposerapo lisanafike. Boma limene likufuna kuti anthu akhulupirire malonjezo ake a 2050 liyenera kulengeza tsikulo poyera, kuwerenga onse amene amadya pamalopo mpaka mayi wophika pachipata, ndi kuika lamulo loti makina omaliza asazimitsidwe ntchito zolowa m'malo zisanayambe kulipira anthu m'boma lomwelo. Camden, Grootvlei ndi Hendrina ali ndi mpaka 2030, ndipo anthu a m'migodi yonse ya ku Highveld adzaweruza ndondomeko ya net zero poona zimene zidzakhale zitamangidwa m'matauni atatu amenewo chakacho chisanakwane.